Akaunti ikatsekedwa chifukwa cha ngongole, mlandu uli kukhoti osati kubanki

Alamu anga amachita geni ya mpunga. Amapikula kwa alimi a ku Domasi ndi ku Likangala n'kumagulitsa mumsika waukulu wa Zomba. Tsiku lina Lachisanu anapita pa ATM kuti atape ndalama yolipira galimoto yomwe inali itatsitsa kale matumba. Makina anakana. Anayesa kachiwiri, anakananso, chonsecho uthenga wa pafoni unkaonetsa kuti ndalama zilimo. Atalowa mkati, mtsikana wa pakauntala anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, kenako anatsitsa mawu: "Mayi, akaunti yanuyi ili ndi oda ya kukhoti. Ife palibe chomwe tingachite."

Lolemba anabwereranso kukaonana ndi manijala. Lachiwiri anapita ndi achimwene. Lachitatu analemba kalata yodandaula. Masiku onsewo anangotayika, chifukwa ankagogoda khomo lolakwika. Ndikulemba izi chifukwa cha masiku amenewo, poti ambiri timawataya chimodzimodzi, ndipo pa nkhani imeneyi masiku ndi ochepa.

Choyamba n'kudziwa amene watseka akauntiyo, chifukwa si kutseka konse komwe kumachokera kwa wokongoza. Banki imatha kuimitsa akaunti yokha ngati chiphaso cha mwini wake sichili bwino m'mabuku awo. Bungwe la MRA lili ndi mphamvu yolamula banki kuti ipereke ndalama za munthu amene ali ndi ngongole ya msonkho. A Financial Intelligence Authority, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la Financial Crimes Act la 2017, komanso a ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, amatha kuimitsa ndalama zomwe akuzifufuza. Chilichonse mwa izi chili ndi njira yakeyake. Ndiye funso loyenera kufunsa pakauntala si lakuti "mwanditsekeranji", koma lakuti "oda imeneyi yachokera kuti, ndipo ndingaione?" Pemphani kope yake. Akakana, lembani nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi dzina la amene wakusumirani. Zitatu zimenezi ndiye chiyambi cha zonse.

Oda yomwe inagwira alamu ndi ija maloya amaitchula kuti garnishee order. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya chipukuta misozi ndi ngongole ku High Court, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2017, amaitchula kuti third party debt order, koma dzina lakalelo ndi lomwe mudzamve m'makhonde a khoti ndi m'manyuzipepala. Makhoti a majisitireti nawonso amatulutsa oda yotereyi pa milandu yawo.

Kuti timvetse chifukwa chomwe banki imagonjera msanga, tiyenera kusintha kaye kaganizidwe kathu. Ife timaona ngati ndalama zathu zili m'kabokosi kolembedwa dzina lathu kuseri kwa kauntala. Lamulo siliona choncho. Mukasungitsa ndalama, banki imakhala kuti yakongola kwa inu, ndipo iyenera kukubwezerani mukazifuna. Tsono ngati inu muli ndi ngongole kwa wina, ndipo khoti lagamula kuti ngongoleyo ndi yoona, khoti limauza banki kuti: zomwe ukanabwezera uyuzi, usam'patse, uzisunge, mwina tikuuza kuti upatse wokongozayo. Banki ikanyozera n'kukulolani kutapa, ikhoza kulamulidwa kulipira ndalamazo kuchokera m'thumba mwake. N'chifukwa chake manijala, ngakhale mutakhala kuti mumapemphera naye mpingo umodzi, sangakutsegulireni. Si nkhanza ayi. Iyenso wamangidwa manja.

Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti oda imeneyi imabwera pawiri. Yoyamba ndi yongoyembekezera. Wokongoza amaipempha inu kulibe, osakudziwitsani, ndipo zimachitika dala chotero, chifukwa munthu atamva kuti mawa akutseka akaunti, angagone ndalama zili momwemo? Oda yoyambayi imangoumitsa ndalama. Sizinapite kwa wina aliyense, zikadali m'dzina lanu. Pa pepala lomwelo pamalembedwa tsiku loti mbali zonse zikaonekere pamaso pa khoti, kuti ngati pali chifukwa choletsa ndalamazo kuperekedwa chinenedwe. Tsikulo likafika popanda wotsutsa, khoti limatulutsa oda yachiwiri, yomaliza, ndipo banki imatumiza ndalama kwa loya wa wokongoza. Zikatero, kuzibweza ndi ntchito yaikulu kwambiri kuposa kuziteteza zikadali mu akaunti.

Mpata wanu ndi wa pakati pa maoda awiriwa. Alamu anali atadya kale masiku asanu a mpata umenewo asanadziwe n'komwe kuti pali tsiku.

Titaona kope ya odayo tinapeza gwero lake. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mnzawo wa pamsika anatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo alamu anamusainira. Mnzawoyo geni itavuta anasiya kubweza, kenako anapita ku Joni. Patapita nthawi kunabwera munthu pabenchi ndi mapepala a kukhoti. Alamu analandira, anaona dzina la mnzawo pamwamba, anapinda mapepalawo n'kuwaika pansi pa nsalu ya patebulo kunyumba. Nditawafunsa chifukwa, anayankha mosakayika: "Alamu, ine ndalamazo sindinadyeko ngakhale tambala. Ndimati akamufune mwini wake."

Apa ndi pamene mtima umandipweteka, chifukwa maganizo amenewa ndi a anthu ambiri oona mtima. Kusainira munthu si umboni chabe woti mumamudziwa. Mumakhala mwalonjeza kuti iye akalephera mudzalipira ndinu, ndipo kawirikawiri pangano limalola wokongoza kubwera kwa inu mwachindunji osayamba wasakasaka mnzanuyo. Komanso samani ikabwera, khoti silidikira kuti mtima wanu ukhazikike. Pamakhala masiku owerengeka oti muyankhe, olembedwa pa pepala lomwelo. Mukakhala chete, wosuma amapempha chigamulo popanda kumva mbali yanu, ndipo amapatsidwa. Akuluakulu anati mlandu suola. Mapepala aja anakhala pansi pa nsalu miyezi ingapo, koma kukhoti mlandu unkayenda.

Mukadziwa khoti, pitani ku ofesi yosunga mafayilo a milandu. Kuno ku Zomba tili ndi nthambi ya High Court komanso makhoti a majisitireti, koma musadabwe mutapeza kuti mlandu wanu unasumidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kumene wokongozayo kapena loya wake amakhala. Milandu ikuluikulu ya zamalonda imapita ku Commercial Division ya High Court. Kulikonse kumene kuli fayilo, inu monga wosumiridwa muli ndi ufulu woiona. Tengani chiphaso chanu, perekani nambala ya mlandu kwa kalaliki, ndipo muwerenge modekha zinthu izi: zomwe wosuma ananena kuti munakongola, tsiku lomwe chigamulo chinaperekedwa, ndalama zomwe zinagamulidwa, ndi chikalata cholumbira cha munthu amene akuti anakupatsani samani. Chomalizachi chiwerengeni kawiri. Chimanena tsiku, malo ndi amene analandira. Ngati akuti anakupatsani pamanja ku Matawale tsiku lomwe inu munali mutagonekedwa m'chipatala, kapena anasiya kunyumba yomwe munasamukako kalekale, mwapeza poyambira.

Kuchokera apa njira zimasiyana malinga ndi zoona zake za nkhani yanu, ndipo ndikupemphani kuti mudziuze nokha zoona musanauze loya.

Ngati chigamulo chinaperekedwa inu osayankha, mukhoza kupempha khoti kuti lichichotse mlandu uyambirenso. Ku High Court malamulo a 2017 aja amati pempholi libwere pasanathe miyezi 3 chigamulo chiperekedwere, ndipo mukachedwa kuposa apo mufotokoze chomwe chinakuchedwetsani. Muyenera kulemba molumbira chifukwa chomwe simunayankhire, komanso chitetezo chomwe muli nacho pa mlanduwo. Mbali yachiwiriyi ndi imene anthu amaiwala. Kunena kuti "sindinadziwe" pakokha n'kopepuka ngati ngongoleyo mukuivomera. Woweruza amafuna kuona kuti mlandu ukatsegulidwanso pali chenicheni choti akamve: kuti munabweza kale, kuti siginecha si yanu, kuti ndalama zomwe akutchula si zomwe munagwirizana, kapena kuti ngongoleyo ndi yakale kwambiri, poti lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira pa pangano wamba. Limodzi ndi pempholi, pemphaninso kuti khoti liimitse kaye kulanda kulikonse mpaka nkhaniyo itamvedwa. Popanda kuimitsa kumeneku, oda yomaliza ikhoza kutuluka pempho lanu likadali pamzere.

Chimodzimodzi ndi apilo. Ngati munaonekera kukhoti, munadziteteza koma munagonja, mukhoza kuchita apilo, koma apilo payokha siimitsa wokongoza kutolera ndalama zake. Kuimitsako kumapemphedwa padera, ndipo makhoti sakonda kumana wopambana zipatso za chigamulo chake popanda chifukwa chomveka.

Pali nkhani ina yomwe imakhudza amayi ambiri a m'magulu. Msungichuma wa banki mkhonde ku Chinamwali kapena ku Sadzi amatha kusunga ndalama za gulu mu akaunti yakeyake, poti kutsegula ya gulu kumafuna mapepala ambiri. Ena amasunga za mvano, za chikwati cha mphwawo, kapena za maliro. Oda ikabwera, banki imangoona dzina la pa akaunti. Koma khoti limalanda ndalama za wangongole zokha, osati za anthu ena zomwe iye wangosunga. Vuto ndi umboni. Pakufunika kaundula wa gulu woonetsa amene anaponya zingati ndi liti, sitetimenti ya kubanki yoonetsa kuti masiku ndi ndalamazo zikugwirizana, ndiponso apampando ndi alembi a gulu okonzeka kulumbira kapena kukaonekera okha. Eni ndalamawo ali ndi ufulu womvedwa pa tsiku lija. Akaunti ya anthu awiri, monga mwamuna ndi mkazi wake, nayonso ili ndi potsutsira ngati ngongole ndi ya mmodzi yekha. Koma zonsezi woweruza sangazilote. Wina ayenera kuimirira n'kuzinena, mapepala ali m'manja.

Onaninso kuchuluka kwa ndalama. Oda imatchula ndalama zomwe ikugwira: ngongole yomwe inagamulidwa, chiwongoladzanja ngati chinaloledwa, ndi zolipira pa mlandu. Ngati mu akaunti muli zambiri kuposa pamenepo, zotsalazo si za wokongoza. Zimachitika kuti akaunti yonse imaumitsidwa ngakhale oda ikunena ndalama zochepa. Lembani kalata kubanki yopempha kuti amasule zapamwambazo, musunge kope yodindidwa. Mfundo ina yakale ya malamulo amene tinatengera ku England imati oda yoyamba imagwira ndalama zomwe zinalimo pa nthawi yomwe banki inailandira, osati zolowa pambuyo pake, ngakhale wokongoza ali ndi ufulu wokapemphanso oda ina. Kwa wapantchito amene malipiro ake amadzera mu akaunti yomweyo, mfundo imeneyi ndi yofunika kuifunsa kwa loya msanga mwezi usanathe. Ndipo ngati muli ndi ngongole kubanki komweko, banki imayamba yadziwerengera zake isananene zomwe ingapereke.

Maloya a wokongoza nthawi zambiri sadziwa kumene mumasunga ndalama, choncho amatumiza odayo kumabanki angapo nthawi imodzi. Musadabwe akaunti yomwe munaiiwala itagwidwanso.

Nanga ngati ngongole inachokera kwa wakatapila? Anthu amaganiza kuti poti anasaina, basi zatha. Tili ndi lamulo lotchedwa Loans Recovery Act lomwe limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chili chopyola muyeso ndipo panganolo ndi lofinya. Khoti likhoza kutsitsa zomwe muyenera kulipira. Munthu amene anatenga K200,000 n'kumauzidwa kuti pakutha pa miyezi inayi yafika miliyoni asachite manyazi kutchula lamulo limeneli. Koma malo ake abwino olitchulira ndi poyankha samani, mlandu usanagamulidwe. Pambuyo pake pamafunika kuyamba mwachotsa chigamulo chija.

Tsono tifike pa gulu lomwe ndikukhulupirira kuti ndi lalikulu: amene ngongole ndi yoona, samani analandira, ndipo chitetezo alibe. Alamu anali m'gulu limeneli, ngakhale zinawatengera usiku wathunthu kuti avomere. Kwa otere, kulimbana ndi chigamulo n'kungoonjezera ndalama za maloya pamwamba pa ngongole. Chanzeru n'kupempha kulipira pang'onopang'ono. Makhoti ali ndi mphamvu yolola zimenezi, koma amafuna kuti wangongole aulule zonse: zomwe amapeza pamwezi, lendi, fizi ya ana, ngongole zina, katundu amene ali naye. Wobisa galimoto n'kumalira umphawi akagwidwa, woweruza samukhulupiriranso pa china chilichonse. Ndipo musalonjeze ndalama yoti mungosangalatsa khoti. Mukalonjeza K150,000 pamwezi pomwe mungakwanitse K60,000, mwezi wachiwiri mudzalephera, ndipo wokongoza adzabwerera ndi mphamvu zake zonse.

Nthawi zambiri nkhani imatha musanalowe n'komwe m'chipinda cha woweruza. Dzina ndi adiresi ya loya wa wokongoza zimakhala pa oda. Pitani mukaonane naye. Anthu amamuopa ngati mdani, koma iye chomwe akufuna ndi ndalama za amene wamutuma, ndipo amadziwa kuti wageni akauma mpamba sangabweze kanthu. Mukagwirizana, zisathere pakamwa kapena pa WhatsApp. Zilembedwe, mbali zonse zisaine, khoti lidinde kuti chikhale chigamulo chogwirizana, ndipo mulembedwe momveka kuti oda ya kubanki ichotsedwa kapena ichepetsedwa kufika pa ndalama zakutizakuti. Ndalama iliyonse yomwe mwapereka, tengani lisiti.

Mantha ndi amene amachititsa anthu zinthu zoonjezera mavuto. Wina amathamangira kwa wakatapila kuti atseke ngongole ya kukhoti, n'kugwa m'dzenje lakuya kuposa loyamba. Wina amasamutsira katundu wake m'dzina la mlongo wake usiku umodzi, osadziwa kuti khoti likhoza kuona kuti wachita zimenezo pothawa ngongole. Wina amapatsa ndalama munthu wongozungulira pakhoti amene akuti "ndikudziwana ndi akuluakulu, fayilo isowa". Ngakhale fayilo itasowa, wokongoza ali ndi makope ake. Dziwaninso kuti akaunti si njira yokhayo. Ndalama za kubanki zikapanda kukwana, wokongoza akhoza kutumiza asherifu kudzatenga katundu kuti akagulitsidwe, ndipo ndalama zolipira asherifuwo zimagweranso inu. Kuthawitsa ndalama kubanki sikuthetsa chigamulo, kumangosintha khomo lomwe adzagogode.

Koma mantha amodzi ndiwachotse. Alamu ankanjenjemera kuti akapezeka pakhoti awatsekera, ndipo ndende ya Zomba timaiona tsiku ndi tsiku, sitichita kuuzidwa. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 19, amanena kuti munthu asaikidwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Kusowa ndalama yobweza ngongole si mlandu wa kupolisi. Chomwe chingakuikeni m'mavuto ndi kunyoza dala lamulo la khoti, monga kukana kubwera mutaitanidwa kuti mudzafotokoze za chuma chanu, kapena kunama mutalumbira. Ndiye kupita kukhoti ndi kumene kumakutetezani.

Za loya, ndikudziwa kuti munthu amene akaunti yake yaumitsidwa alibe ndalama yolipira loya. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau lili ndi ofesi kuno ku Zomba, ndipo limathandizanso pa milandu ya ngongole, osati ya upandu yokha. Amayamba aona ngati munthu alidi wosowa komanso ngati nkhani yake ili ndi mutu. Ku University of Malawi, kumene tinazolowera kuti ku Chanco, kuli sukulu ya zamalamulo yomwe ophunzira ake amathandiza anthu ndi uphungu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Kulikonse kumene mungapite, musapite chimanjamanja. Tengani oda, samani ngati muli nayo, pangano la ngongole, malisiti onse, sitetimenti ya miyezi ingapo, ndipo mawu anu oyamba akhale tsiku lomwe nkhani ikulowa. Ngati tsikulo lafika loya musanamupeze, pitani nokha. Valani bwino, fikani m'mawa, muuze kalaliki kuti mwabwera, ndipo mukaitanidwa nenani mwaulemu kuti mukupempha masiku oti mupeze thandizo kapena mubweretse mapepala. Mukhoza kulankhula Chichewa, makhoti ali ndi otanthauzira. Dandaulo lokhudza banki yeniyeniyo, monga kukana kumasula ndalama khoti litalamula kale, limayambira kubanki komweko, ndipo likakanika limapita ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse.

Alamu anapita kwa loya wa bungwe lobwereketsa ndalama lija kutatsala masiku awiri kuti nkhani ilowe m'khoti. Ananyamula kope lawo la geni, lija amalembamo matumba ndi mitengo, lothimbirira ndi gaga m'mbali. Loyayo analitsegula tsamba ndi tsamba, anafunsa kuti miyezi yomwe mpunga umasowa amapeza zingati, ndipo alamu anamuuza zoona. Anagwirizana kuti gawo lina la ndalama zoumitsidwazo lipite ku ngongole, lina limasulidwe kuti mpamba usafe, zotsala azipereka mwezi ndi mwezi. Pa tsiku la khoti nkhani sinathe ndi mphindi khumi zomwe.

Panatsala chinthu chimodzi chomwe sitinkachidziwa. Woweruza akanena kuti oda yachotsedwa, banki simva mawuwo. Imadikira pepala losainidwa ndi kudindidwa ndi khoti, ndipo pepalalo silidziyendera lokha. Tinadikira sabata tikuganiza kuti loya uja watumiza, iye akuganiza kuti titenga tokha. Alamu anakalitenga ku ofesi ya mafayilo, anachititsa mafotokope atatu, anapereka imodzi kubanki n'kupempha kuti ina aidinde kusonyeza kuti alandira. Nthambi ya kuno inati iyenera kutumiza kaye ku likulu kwa maloya awo. Akaunti inatseguka patatha masiku atatu ogwira ntchito.

Lamulo limalola wosainira amene walipira ngongole ya mnzake kuti akam'sumire mnzakeyo kuti am'bwezere. Alamu anauzidwa zimenezi, ndipo malisiti onse akusunga mu envelopu imodzi pamodzi ndi kope ya chigamulo. Nambala ya ku Joni ija ikaimbidwa imangolira.